Mtima, Mimba ndi Makondakitala a ku London

Mtima, ngakhale umapopa magazi a thupi lonse, nawonso umadyetsedwa ndi timitsempha take, ndipo mafuta otchedwa kolesitolo akamaunjikana m'kati mwa timitsemphati, njira ya magazi imachepa pang'onopang'ono mpaka tsiku lina kutsekeka. Mlembi wa gawo lino, amene mimba yake imalowa m'nyumba mwini wake akadali pakhonde, wafufuza nkhaniyi mozama, makamaka pofuna kupeza pothawira.

M'chaka cha 1953, Jerry Morris anasindikiza kafukufuku wa antchito a m'mabasi osanjikizana a ku London, yemwe anasonyeza kuti makondakitala, amene ankakwera ndi kutsika masitepe tsiku lonse, sankadwala mtima kawirikawiri ngati madalaivala, amene ankangokhala pachiwongolero. Mlembiyu sakutsutsa, koma akukumbutsa akatswiri kuti minibasi ya ku Ndirande ilibe masitepe, komanso kuti kukhala anayi pampando wa atatu, mawondo ali pachibwano, ndi masewera olimbitsa thupi amene sayansi sinawayezebe. Pa mphindi 150 zoyenda ndawala zimene bungwe la WHO limalimbikitsa pa sabata, iye amawerengeramo ulendo wopita ku chiwaya, wobwerera ayi, chifukwa umenewo umakhala wa kabaza.

Bungwe lomweli limati mchere, umene ukachuluka umakweza kuthamanga kwa magazi, usafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi, pamene mlembiyu amathira woterowo pa tchipisi asanalawe n'komwe. Pa magalamu 400 a zipatso ndi ndiwo zamasamba amene bungweli limalimbikitsa patsiku, umboni wake ndi kabichi wa pamwamba pa tchipisicho. Fodya yekha ndiye sasuta, ngakhale chimene chinamuletsa ndi mtengo wake.

Chomupweteka kwambiri ndi chakuti mankhwala ake ndi zomwe anathawa kumudzi: nyemba, bonongwe, usipa, ndi mgaiwa, ufa wa chimanga chosakonola umene gaga wake sanachotsedwe. Anaphunzira zaka zambiri kuti afike pa ufa woyera ndi mang'ina, ndipo anthu atangoyamba kumutcha bwana poona lamba, dokotala akumubweza pa mbale ya agogo ake. Mayi a kunyumba, amene za Morris sanazimvepo, abisa kale mchere, ndipo Loweruka lililonse amamutuma kuchigayo wapansi, thumba lili pamutu.