Safunsa Anadya Phula: Kusaka Pokhoma Tenti ku Mulanje

Kugona mu tenti mwadala, munthu ali ndi nyumba yake yamalata ndiponso popanda womuthamangitsa, ndi masewera amene alowa anthu ena a m'tauni masiku ano. Ochita masewerawa amalongedza tenti, thumba logonamo, tochi ya pamphumi ndi kambaula ka gasi, n'kunyamuka ku Limbe Lachisanu masana kudzera msewu wa Midima, ulendo wa ku Mulanje. Chimene amakafuna kumeneko ndi malo opanda magetsi, opanda mpope, opanda netiweki. Amakataya ndalama kuti alaweko moyo womwe uja makolo awo adagulitsira mbuzi kuti ana aphunzire n'kuuthawa.

Kukhoma tentiyo si nkhani, pakuti matenti ena a masiku ano amaima okha munthu akangowakutumula. Nkhani yagona pa kupeza poikhoma, ndipo apa ndi pamene mwambi wakale uja umagwira ntchito: safunsa anadya phula. Munthu wa m'mwambiwo adapatsidwa chisa cha njuchi, ndipo poopa kuoneka mbuli sadafunse kuti chomeza ndi chiti, cholavula ndi chiti. Safunsa wa lero wasintha pang'ono. Iye amafunsa ndithu, tsiku lonse osapuma, koma mafunso onsewo amafunsa foni.

Wochokera ku Blantyre amayamba wafika pa Chitakale, pamphambano pomwe msewu wina umalunjika pa boma la Mulanje mpaka ku chipata cha Muloza, wina n'kukhotera ku Phalombe motsata tsinde la phiri. Makilomita pafupifupi 10 mu msewu wa ku Phalombewo pali Likhubula, khomo lotchuka lolowera m'phiri. Phirilo, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndi nkhalango yotetezedwa ndi boma kuyambira mu 1927. M'munsi mwake muli minda ya tiyi, mbewu imene idakhazikika kuderali m'zaka za m'ma 1890, ndipo pomwe tiyi wathera payambira midzi yothinana, chifukwa Mulanje ndi limodzi mwa maboma a anthu ochuluka pa malo ochepa. Choncho nthaka ya kuno ili m'manja atatu: a boma, a esiteti ndi a mfumu. Malo a mtundu wachinayi, opanda mwini, amapezeka pa foni pokha.

Mapu a pa foni amaona dziko kuchokera kumwamba, ndipo kumwambako chilichonse chobiriwira n'chimodzimodzi. Munda wa nandolo, dimba la agogo ena, nkhalango ya boma, zonse zimatuluka mtundu umodzi woitana. Nthawi zina pamakhalanso kachizindikiro kamene mlendo wina wodutsa pa njinga adasiya kalekale, n'kulembapo kuti apa m'pabata, palibe wosokoneza. Sadalembe kuti adafika mdima utagwa n'kunyamuka tambala asanalire. Chichokere iye, pamalopo pamangidwa chigayo.

Malo oyamba amene amakopa safunsa ndi kankhalango ka mitengo yachilengedwe kamene kamaima pakati pa minda, ka mthunzi wozizira, kopanda mbuzi, kopanda mwana wotola nkhuni. Mlendo amadabwa kuti anthu a m'mudzimo sadziwa bwanji kuyamikira malo okongola chotere, ndipo amayamba kale kukonza mawu okalemba pa Facebook. Aliyense wokulira kumudzi amadziwa chifukwa chake mitengo imeneyi idapulumuka nkhwangwa pamene inzake yonse idapita ku makala ndi ku uvuni wa njerwa. Amenewo ndi manda. Mitumbira yakale imaphwa n'kukwiririka ndi masamba, moti madzulo imaoneka ngati timizere tosalala, tokwanira bwino munthu mmodzi wogona chagada. Mlendo amagona tulo tabwino kwambiri, pakuti anansi ake sachita phokoso. Kukacha amapeza azibambo ataima chapatali manja kumbuyo, akudikira kuti amalize kutsuka mkamwa kuti amuperekeze kwa mfumu. Kulowa kumanda popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo mlandu wotere sutha ndi pepani wapakamwa. Nkhuku kapena mbuzi imene ikanadyedwa ndi mlendoyo akanafika mwaulemu, amaigula yekha n'kuisiya pabwalo.

Malo achiwiri ndi mchenga wa m'mbali mwa mtsinje: posalala, pofewa, madzi ali pomwepo, zikhomo za tenti zimalowa ndi dzanja. Apa nthabwala zimachepa. Likhubula, Lichenya, Ruo ndi Thuchila ndi mitsinje yochokera m'phiri, ndipo mvula imatha kugwa pamwamba kunsi kuli nyenyezi. Madziwo amatsika usiku, atanyamula miyala ndi zigodo, osagogoda. Akuluakulu amati kwadutsa Napolo. Anthu a ku Phalombe sadaiwale za mu March 1991, ndipo namondwe wa Freddy mu March 2023 adagumula mapiri n'kukokolola midzi m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Mayi aliyense wochapa pamtsinje angathe kuloza ndi chala pomwe madzi adalekeza chaka chatha. Amangofunika kufunsidwa.

Otsalawo ndi misampha ing'onoing'ono. Munda wa tiyi umakongola pa chithunzi, koma uli ndi mlonda, ndipo mlondayo ali ndi bwana wake amene sadauzidwe za alendo. Bwalo losalala lopanda udzu limene mlendo amalipeza madzulo a Lamlungu limakhala la sukulu ya pulayimale, ndipo Lolemba m'mawa amatulutsa mutu mu tenti n'kupeza ana mazana angapo ali pamzere, akuimba nyimbo ya fuko maso ali pa iye. Pansi pa mtengo wina pamadutsa linthumbu, limene silisamala kuti zipi ya tenti idagulidwa ku Johannesburg. Chitsamba chooneka chobisika bwino, choyenera kukathandizikirako usiku, chimakhala chitayangidwa ndi chitedze. Zimenezi palibe foni imene idazilemba, koma mwana wa sitandade 3 wa m'mudzimo amazidziwa zonse.

Pali chifukwa china chofunsira, chimene chimaposa minga ndi nyerere. Kumudzi tenti si chinthu chosewera nacho. Imaoneka pa maliro a munthu wopata, pa ukwati, pa msonkhano wa ndale, ndi pa misasa ya anthu amene madzi awalanda nyumba. Ikangotulukira m'mawa pamalo pomwe dzulo panalibe kanthu, funso loyamba la anthu limakhala lakuti kwagwanji. Ena amaganiza za ofufuza miyala, popeza nkhani ya bauxite wa ku Lichenya idayamba kumveka nthawi ya atsamunda ndipo siinathebe. Ena amaganiza zoopsa kuposa apo. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zidafala ku Mulanje ndi ku Phalombe, anthu angapo osalakwa adaphedwa ndi magulu a anthu olusa, ndipo bungwe la United Nations lidayamba lachotsa antchito ake m'maboma amenewa. Mlendo wogona kutchire ndi tochi ya pamphumi ndi kachubu komwera madzi kotuluka m'chikwama, popanda womudziwa m'mudzi, akudziika pa ngozi yeniyeni. Yemwe wadziwika kwa mfumu ndi mlendo wa mudzi wonse.

Kufunsako kuli ndi dongosolo lake. Kumayamba ndi moni, ndipo moniyo amaperekedwa munthu atatsika m'galimoto. Wotsitsa galasi pang'ono n'kukuwa kuti "Aise, kokagona ma tourist n'kuti?" amayankhidwa ndithu, chifukwa anthu a kuno ndi aulemu, koma amalozeredwa kutali. Amene amadziwa bwino dera ndi amayi ogulitsa nanazi ndi mapeyala pa Chitakale, amene amayankha mokwanira bwino nanazi mmodzi akagulidwa, ndi anyamata a kabaza, amene amadziwa mlatho uliwonse wothyoka. Mtunda umafunsidwa kawiri. Woyankha kuti "m'pompano apa" amanena zoona, koma akuyeza ndi miyendo yake, imene imakwera phiri ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Wanzeru amafunsanso kuti munthu wa m'tauni wonyamula chikwama angafikeko dzuwa lili pati.

Wofuna kugona pa malo a mudzi amapita kwa mfumu, ndipo apa pamabuka vuto limene mabuku a zokopa alendo salitchula. Mlendo amaodira, amapatsidwa mpando, amafotokoza kumene wachokera, kenako amapempha kuti, "Wawa mfumu, timati tipemphe kamalo koti tikhome kanyumba kathu kansalu, usiku umodzi wokha." Amfumu amayang'ana galimoto, amayang'ana nsapato za mlendoyo, kenako amaitana mayi a kunyumba kuti asese chipinda cha anyamata. "Bambo, mugone panja ngati m'mudzi muno mulibe anthu? Akamva a midzi inayi adzati chiyani?" Mlendo amalongosola kuti kugona panjako ndi kumene wadzera. Amfumu amagwedeza mutu mwachifundo, poganiza kuti mwina kunyumba kwa bamboyu zinthu sizili bwino ndi akazi awo. Mapeto ake amagwirizana pakati: tenti imakhomedwa pabwalo la amfumu pomwepo, pakati pa nkhokwe ndi khola la mbuzi. Munthu amene adathawa phokoso la ku Ndirande kuti akakhale yekha ndi chilengedwe amapezeka atazingidwa ndi ana makumi atatu oonerera momwe akupopera matiresi, agogo ofuna kudziwa ngati nsaluyo siidontha, ndi mbale ya nsima imene sangaikane. Ngakhale zili choncho, pa malo onse a m'munsi mwa phiri, amenewa ndiwo otetezeka kwambiri, ndipo madzi osamba amabwera otentha. Zandiwo nazonso n'zofunsa. Kalongonda wa Alomwe ndi wokoma, koma amaphikidwa nthawi yaitali ndi kutayidwa madzi kangapo, ndipo wongomugula wosaphika n'kumutereka mphindi khumi pa kambaula ka gasi adzadziwa yekha chimene chidasowa.

Wofuna bata lenileni amakwera phiri, ndipo kumeneko kufunsa kudasanduka lamulo. Pa ofesi ya zankhalango ku Likhubula mlendo amalembetsa dzina, amalipira polowera, ndipo amapeza omulondolera njira ndi omunyamulira katundu, anyamata a m'midzi yozungulira amene ena mwa iwo amathamanga mpikisano wa Porters Race chaka ndi chaka m'njira zomwezo zimene mlendo amakwawa. Pafupi pomwepo pali malo ogona alendo, ena a mpingo wa CCAP, ndipo Dziwe la Nkhalamba lili pamtunda woyenda wapansi. Pamwamba pali tinyumba togonamo okwera phiri, monga Chambe, Lichenya, Thuchila, Chisepo, Chinzama, Sombani ndi Madzeka, tosamalidwa ndi nthambi ya zankhalango mothandizana ndi Mountain Club of Malawi. Tenti imaloledwa pafupi ndi tinyumba timeneti, osati paliponse pomwe mtima wakonda. Pa kanyumba kalikonse pamakhala mlonda amene amadziwa kotunga madzi, kochokera mphepo ndi maonekedwe a mtambo wobweretsa mavuto. Nkhuni zimafunsidwanso kwa iye, pakuti mkungudza wa Mulanje, umene udalengezedwa kukhala mtengo wa fuko mu 1984, watsala pang'ono kutheratu, ndipo moto wolekerera m'miyezi ya September ndi October umatha kupsereza chigwa chonse.

Nyengo ya m'phiri siimvera zimene foni idalosera. Pakati pa May ndi August chiperoni chimatha kubwera kuchokera ku Mozambique ndi nkhungu ndi mvula yowaza kwa masiku angapo, munthu osaona ngakhale mwala woti apondepo, ndipo usiku wa June ndi July madzi amatha kuundana pamwamba. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil adapitiriza yekha ulendo wa ku Sapitwa atasiyana ndi womulondolera, ndipo adapezeka atamwalira patadutsa masabata oposa awiri akufunidwa.

Pa phiri lonseli pali nkhani imodzi yokha imene safunsa amakhoza. Anthu a m'munsi amati woyenda m'phiri angathe kupeza chakudya chokonzedwa kale, nthochi zakupsa kapena nsima yotentha, pamalo popanda munthu. Mwambo wake ndi wakuti adye mwakachetechete, asaitane mnzake, asatengeko kunyumba, ndipo asafunse kuti waphika ndani, chifukwa eni phiri sakonda mafunso. Mwambowu sukhudza mbale yopezeka pakhonde la kanyumba ka Thuchila. Imeneyo ndi ya mlonda.

Chotsala ndi nthawi yofikira. Kwa mfumu sikupitidwa usiku pokhapokha pagwa zovuta, ofesi ya zankhalango imagwira ntchito masana, ndipo amayi a nanazi amalongedza madengu kukayamba kuda. Miyezi yabwino kugona panja ndi ya chilimwe, kuyambira May mpaka October, koma mu June ndi July dzuwa la ku Mulanje limalowa 5 koloko itangopitirira pang'ono. Wonyamuka ku Limbe ataweruka ku ntchito amafika pa Chitakale onse oti awafunse atapita kwawo, ndipo ambiri otere usiku woyamba amagona m'galimoto, tenti ili m'buti.