Mwaikweza Kale, Bwana?

Pa Bua munthu akagula Sienta, anzake amaizungulira kawiri, kuwerama, kusuzumira pansi pake, kenako mmodzi n'kufunsa mwaulemu: "Mwaikweza kale, bwana?" Akayankha kuti ayi, onse amamumvera chisoni. Galimotozi zimachoka ku Japan, kutsika pa doko la Dar es Salaam, kulowa m'dziko muno pa Songwe, ndipo amene anazipanga sanauonepo msewu wa M5. Yosakwezedwa imakhula mimba pansi kuchokera pa Nkhotakota boma mpaka ku Dwangwa, ndipo ikakumana ndi lole ya shuga n'kupatukira m'mbali mwa tala, apasinjala amayamba kuitana Mulungu, aliyense m'chipembedzo chake.

Galaja yake ili pansi pa mtengo wa mango. Amakaniko amachotsa masipuling'i amene a Toyota anawerengera bwinobwino, n'kuikamo ena a galimoto yolemera yomwe inafa kalekale. Akaona kuti sizikukwanira, amadula mphira wa tayala la lole n'kupanikizira pamwamba. Mwini galimoto akayamba kukayika, amamukhazika mtima pansi: "Achimwene, mukukumbuka njovu 500 zija a African Parks anabweretsa m'nkhalango ya Nkhotakota mu 2016 ndi 2017? Malole ake anali ndi masipuling'i a mtundu womwewu." Palibe amene anakwawira pansi pa malolewo kuti akaone, choncho nkhani imathera pomwepo.

Madzulo Sienta imatuluka mbuyo ili m'mwamba ngati nkhuku yotola madeya. Mwini wake amadutsa pa siteji pang'onopang'ono, chigongono panja pa windo, ndipo amene dzulo ankamutchula dzina la ubwana lero akuti "bwana". A Toyota anaikamo mipando ya anthu 7. Yokwezedwa imanyamula 11, matumba atatu a mpunga wa ku sikimu, dengu la usipa, ndi mnyamata wina wokhala mpando umodzi ndi adalaivala. Katundu akakwana imabwerera pomwe inali poyamba, ndipo aliyense amayamikira luso la amakaniko.

Mavuto amayambira ku matayala. Galimoto ikakwezedwa, miyendo yake imasintha kaimidwe. Tayala limapendekeka pang'ono, m'malo moponda ndi nkhope yonse limayendera m'mphepete, ndiye mbali imodzi imadyeka mpaka waya kuonekera pomwe inayo mano akadali atsopano. Mashoku akale aja amalephera kugwira sipuling'i yolimba, galimoto n'kumadumphadumpha, tayala n'kuchita zigamba. Nayo siivi imagwira ntchito itapindika kuposa muyezo, mphira wake n'kung'ambika, girizi n'kutayika, ndipo pokhota mumamva kuti ka-ka-ka. Mankhwala a matayala opendekekawo ndi alayinimenti, koma makina a kompyuta oyezera ali kutali, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Pa Bua timayeza ndi chingwe cha ukonde: amakaniko amachikoka kuchokera ku tayala lakumbuyo, kutsinzina diso limodzi, kulavula malovu, n'kunena kuti yawongoka.

Bwana wathu sangavomere kuti vuto ndi kukweza kuja. Amayamba wadzudzula msewu, ndipo apo tonse timamuvomera. Msewu ukatha, mlandu umagwera mnzake wa Probox, yemwe akuti anamuona m'mamawa wina akuzungulira galimotoyo ali ndi kanthu m'manja.

Tayala latsopano sangalithe, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye amapita ku la kaunjika. Wogulitsa amamusankhira lamano okongola, lokhala ndi kachizindikiro ka phiri ndi nyenyezi m'mbali. Aphunzitsi ena opuma ntchito, omwe amakhala pa khonde la golosale tsiku lonse, anayesa kuthandiza.

"Mwana wanga, nyenyeziyo ndi chizindikiro cha chipale chofewa. Tayalali ndi la m'nyengo yozizira ku Japan, mphira wake ndi wofewa. Dzuwa la Okutobala kunyanja kuno lilidya ngakhale galimoto itaima. Ndipo manambala anayi awa, 2314, akutanthauza sabata ya 23 m'chaka cha 2014."

"Madala, imeneyo ndi nambala ya foni ya fakitale," anatero wogulitsa. Bwana anakhulupirira wogulitsa, poti aphunzitsiwo amayendera njinga.

Mashoku akatulutsa mafuta, nkhani ya waranti imabuka. Amakaniko savuta: "Waranti inalipo, achimwene, koma inathera pa mlatho paja." Wa shopu ya zipangizo ku Lilongwe amaloza pansi pa lisiti pomwe palembedwa kuti katundu akagulidwa sabwezedwa, n'kuwonjezera kuti shoku yake inafa chifukwa cha sipuling'i yachilendo. Pamenepo sakunama, ngakhale ku mayiko olemera, opanga galimoto amakana kulipira chitsulo chomwe chawonongeka chifukwa mwini wake anasinthamo zinthu. Wa sipuling'i akuti inafa ndi katundu. Bwana akuti anaikweza n'cholinga choti inyamule katunduyo. Amene anaitumiza kuchokera ku Japan anagulitsa galimoto ya zaka khumi mmene inaliri, ndipo uthenga wa pa WhatsApp amauwerenga koma sayankha.

Nthawi ya COF ikayandikira, a pa siteji amakumbukira kuti ndi pachibale. Pali matayala anayi abwino omwe anasonkherana, amasungidwa kuseri kwa chigayo atakutidwa ndi lona. Amene tsiku lake lafika amawatenga m'buti, kukawamanga pafupi ndi poyezera, akadutsa n'kuwamasula asanatenthe n'komwe. Wa Probox uja nayenso ali m'gululo, ndipo mwezi uno ndiye akusunga kiyi.