Moto wa Maliro Wafika ku Malingunde

Pa CCAP ya Malingunde abusa ankafotokozera akulu a mpingo kuti kumayiko ena munthu akamwalira samukumbira manda, amangowotcha thupi lake. Mkulu wina wa imvi anakweza dzanja. "Abusa, kuyambira tili ana mwakhala mukutiuza kuti moto ndi wa ochimwa, ndipo umabwera chiweruzo chitatha. Nanga kumeneko mlandu amazenga nthawi yanji, poti chilango chikuyamba anamalira asanamwe ndi phala lomwe?"

Wowotcha makala wina wochokera ku Dzalanyama anaimika njinga yake pamsika wa Mitundu, thukuta lili kamukamu. Mnyamata wa ku Bunda anamuuza kuti munthu wamkulu akawotchedwa pamatsala phulusa la makilogalamu 2 kapena 3 basi. Wamakala uja anapukusa mutu. "Munthu wathunthu, osatulukapo ngakhale theka la thumba? Achimwene, amene amawotchayo ntchito saidziwa. Uvuni wake sakwirira bwino ndi dothi."

Ku Mlale akatekisiti anauza akhristu a m'mphakati kuti Mpingo wa Katolika unasiya kuletsa kuwotcha mitembo mu 1963, koma mu 2016 ku Vatican anatsindika kuti phulusalo lisamasungidwe m'nyumba kapena kumwazidwa, lizikaikidwa pamalo oyera ngati kumanda. Mdzukulu wina amene anali atagwira kale m'mutu anapumira m'mwamba. "Ndiye kuti dzenje likhalapobe?" Akatekisiti anati likhalapo, kungoti laling'ono. "Palibe vuto. Dzenje lichepe, koma muwauze amayi kusiwa kuti mitanda ya nsima ya adzukulu za ku Vatican sizikuikhudza."

Mnyamata wina anamwalira ku Johannesburg, ndalama yonyamulira bokosi n'kuvuta, anzake n'kungowotcha thupi. Uthenga unafika kumudzi kuti akalandire maliro pa Nathenje. Amfumu anabwereka lole, nasankha amuna asanu ndi mmodzi a mapewa olimba. Basi itaima, kondakitala anatsika ndi kabokosi kokwana m'manja. Amalume ake a malemu anakayang'ana, n'kukagwedeza pang'ono, misozi ili chuchuchu. "Tinkamva ndithu kuti ku Joni zinthu zavuta, koma sitinkadziwa kuti mwana wathu anaonda chonchi."

Agogo ena a pa Nathenje pomwepo nkhani ya kabokosi ija inawakhala m'mutu mpaka Lachitatu la Phulusa. Atafika kutsogolo kwa mzere, bambo mfumu ali pafupi kuwapaka pamphumi, agogo anabweza mutu. "Pepani Bambo, ndisanalandire, ameneyu anali ndani?" Bambo mfumu ananong'ona kuti, "Agogo, ndi kanjedza wa chaka chatha uja." Agogo anagwira pakamwa. "Kalanga ine! A Kanjedza anatisiya chaka chatha, ife osatiuza n'komwe?"

Ku Sande sukulu aphunzitsi atamaliza nkhani ya Sadrake, Mesake ndi Abedinego m'ng'anjo ya Nebukadinezara, anafunsa ana ngati n'koyenera kuwotcha thupi la mkhristu. Kamtsikana kena kanayankha msangamsanga. "Ayi aphunzitsi. Mkhristu weniweni sapsa. Mungowonongapo nkhuni zanu."

Madala ena okhala kufupi ndi damu la Kamuzu atamva kuti Ahindu ku India amamwaza phulusa la abale awo mumtsinje wa Ganges, anaitana akazi awo. "Mayi a ana, ine ndikadzafa mudzandiwotche, phulusalo mudzalithire m'damumu. Madzi amenewa ndi amene amamwa a m'tauni. Moyo wanga wonse ndalephera kukhala ku Area 10, ndiye ndikalowe kudzera pampopi." Akazi awo sanasiye n'kusenda nandolo komwe. "Pitani bwino. Koma kumeneko madzi ali ndi mita, akakudulani musadzatilotetse kuti tikulipirireni."

Mayi wina wa Chigwirizano anafunsa anzake kuti pa tsiku louka akufa, munthu wa phulusa adzamusonkhanitsa bwanji. Mnzake anamukumbutsa za mafupa ouma amene mneneri Ezekieli anawaona akulumikizana. Mayi uja sanakhutire. "Mafupa ndikumva, amadziwana. Koma phulusa likauluka ndi mphepo ya Ogasiti, amuna anga adzauka ndi miyendo ya eni ake. Ine ndinazolowera ya matewe yomweyi."

M'minibasi yochokera ku Mitundu bambo wina anadzudzula za kuwotchazi kuyambira pa siteji mpaka pa Bunda Turn-off. Anati thupi ndi kachisi wa Mzimu Woyera, Yesu mwini anaikidwa m'manda, ndipo munthu ayenera kugona m'bokosi lolimba, la matabwa abwino, lopakidwa vanishi. Anthu anaombera m'manja. Mayi wina anafunsa kuti, "Abusa, mumatumikira mpingo uti?" Bambo uja anaseka. "Ine kutchalitchi ndinasiya kalekale, mayi. Ndimakhoma mabokosi kuseri kwa msika."

Za lero zathera pompa. Tikumanenso sabata yamawa, ndipo mubwere athunthu.