Ndinalowa Sitandade 1 chifukwa cha alawansi

Ine ndine mphunzitsi wa Sitandade 7, kapena ndinene kuti ndinali. Chiyambire kugwira choko ndinkakhala kumtunda kuja, kumene ana amabwera atadziwa kale kupukuta mamina ndi kupempha chilolezo chopita panja. Aphunzitsi a makalasi a ana aang'ono ndinkawalonjera mwaulemu ndithu, koma mumtima ndinkati ntchito yawo ndi kulera basi.

Mu 2016, teremu yachitatu ikupita kumapeto, pasukulu panamveka mphekesera yoti kukubwera maphunziro a kaphunzitsidwe ka kuwerenga, ndipo ndalama zake n'zochokera ku America. Sinali bodza. Unduna wa Zamaphunziro unkayambitsa ndondomeko ya kuwerenga ya dziko lonse, imene tonse timangoti NRP, mothandizidwa ndi USAID komanso boma la Britain. Kafukufuku wa mu 2010 anali ataonetsa kuti ana ambiri a Sitandade 2 sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi m'kankhani kakafupi ka Chichewa, chilankhulo chimene ambiri mwa iwo amalankhula kuyambira m'mawa mpaka kugona. Zimenezo zinangondidutsa. Chimene chinatsalira m'mutu mwanga ndi America. Mnzanga wina, amene anapitako kumsonkhano wa bungwe lina ku Mangochi, anandifotokozera mmene zinthu za azungu zimayendera: chipinda cha fani, chambo masana, tiyi wa mkaka kawiri pa tsiku, ndiye tsiku lomaliza envulopu yonenepa.

Chovuta chinali mndandanda. Kalata ya a PEA, alangizi a zamaphunziro a zoni yathu, inanena mosapsatira kuti opita ndi aphunzitsi amene adzagwire Sitandade 1 chaka chotsatiracho, aHedi, ndi woyang'anira makalasi a ana aang'ono. Za Sitandade 7 munalibemo, ngakhale ndinaiwerenga mpaka pa chidindo.

Ndinagogoda ku ofesi.

"AHedi, ndakhala ndikusinkhasinkha. Maziko a mwana ali ku Sitandade 1."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Inu aphunzitsi, za maziko mwayamba liti?"

Ndinawauza kuti kalasi imeneyo imafunikanso bambo, kuti ana amafika kwa ine ku 7 akujejema powerenga ndipo mtima umandiwawa. Mbali yomalizayi inali yoona pang'ono, n'chifukwa chake inatuluka bwino. AHedi anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, kenako analemba dzina langa ndi bolopeni, osati pensulo. Madamu amene ndinkalowa m'malo mwawo, omwe anakalambira m'kalasi imeneyo, anandigwira chanza ndi manja awiri n'kunena kuti Mulungu andidalitse. Munthu wanzeru akanadabwa kuti wolandidwa envulopu akuthokoza chiyani.

Ndalama ndinayamba kuidya isanabwere. Kwa mnyamata wa kaunjika pamsika ndinatenga nsapato zachikopa pa ngongole, poti sungakalowe mu hotela ndi zidendene zakutha. Kugolosale ndinalembetsa shuga ndi sopo. Choipitsitsa, usiku wina ndinauza mayi a kunyumba kuti chaka chino khitchini ifoleredwa ndi malata.

Malo a maphunziro atalengezedwa ndinayesa kuti sindinamve bwino. Anali ku TDC, malo osulirako aphunzitsi a zoni yathu yomwe, kumene timapita pa njinga kukatenga mapepala a mayeso oyeserera. Kayendetsedwe kake kanali kotsika ndi makwerero: akuluakulu anaphunzitsa a PEA ndi aphunzitsi ena osankhidwa, iwonso n'kubwera kudzaphunzitsa ife m'mazoni mwathu pa tchuthi cha Ogasiti. Masukulu aboma a pulayimale ndi masauzande m'dziko muno, ndiye akanati aliyense akagone kunyanja, ndalamayo ikanathera pa chambo osagula buku ndi limodzi lomwe. Masamu amenewa ndimawatha bwinobwino, ndine wa Sitandade 7, koma ndinawachita nditakhala kale pa desiki ya ana, mawondo akugunda kunsi kwa thabwa, nsapato zatsopano zikundiluma. Poti palibe ankagonera, alawansi inali ya nkhomaliro ndi ya mayendedwe basi. Envulopu kunalibe. Anati ndalama idzabwera pa foni, aliyense alembe nambala yolandirira ndalama. Yanga inali isanatsegulidwe zimenezo, choncho ndinalemba ya mayi a kunyumba, ndikudziuza kuti tsikulo likadzayandikira foniyo ndidzaibwereka.

Ife a kale tinaphunzira ndi buku la Sosa, kuimba a, e, i, o, u, kenako maphatikizo, mpaka zilowe. Kuno anatiuza kuti mwana ayambe wamva maliwu m'mawu, kenako agwirizanitse liwu lililonse ndi lembo lake, ndipo malembo asatsate alifabeti koma ayambe amene amapezeka kwambiri m'Chichewa: a, n, i, k, u, m, e, t, o. Ndi malembo ochepawo mwana amatha kale kuwerenga ana, moto, mutu, meta, asanafike n'komwe pa b. Phunziro lililonse linalembedweratu m'buku la mphunzitsi, ndi mphindi zake zomwe: uyambe wachita wekha ana akuona, muchitire limodzi, kenako achite okha. Ndikuvomera kuti nzeru yake ndi yabwino. Koma tsikulo sindinkamvetsera, ndinali kuseri kwa kope kuwerengera kuti ya nkhomaliro ingagule malata angati ngati munthu osadya nkhomaliroyo.

"Bambo a nsapato zonyezimira kumbuyoko, tabwerani mutithandize."

Anali madamu wotiphunzitsa, wamng'ono kwa ine ndi zaka zambiri. Analemba m pa bolodi n'kundipempha kuti ndiuze ana liwu lake. Anawo anali aphunzitsi anzanga a zoni yonse, ena ndinkaseka nawo pa bawo.

"Emu," ndinatero molimba mtima.

"Limenelo ndi dzina la lembo m'Chingerezi, aphunzitsi. Tikufuna liwu."

"Ma."

"Limenelo ndi phatikizo. Tsekani milomo, mawu atulukire m'mphuno."

Ndinatseka milomo n'kung'ung'udza, anthu anawomba m'manja mwachipongwe. Ndikuti ndibwerere pamalo, madamu analemba k. Yesani nokha kutchula k popanda kumuika a kapena i kumbuyo kwake. Ine chimene chinatuluka chinali chifuwa, ndipo bambo wina wachifundo anandithamangira ndi kapu ya madzi. Kuchokera tsiku limenelo zoni yonse imandidziwa kuti a Emu, ndipo dzinali linafika pasukulu ine ndisanafike.

Sukulu inatsegulidwa mu Seputembala. Ndinali ndikudziwa, monga aliyense, kuti chichotsereni fizi mu 1994 ana a pulayimale anachuluka kuchoka pa pafupifupi 2 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi, ndipo zipinda sizinawapezebe. Koma ku Sitandade 7 kumafika otsala, amene apulumuka njala, kubwereza ndi maukwati. Ku Sitandade 1 kumabwera mudzi wonse. Anali oposa zana, atakhala pansi mothinana moti kuti ndifike kumbuyo ndinkachita kudumpha miyendo. Ena ankalira amayi awo, wina anabwera ndi mng'ono wake kumsana, wina anagona tulo chitsamire mwendo wanga ndili pakati potchula n. Buku la mphunzitsi linkati ntchito iyi mphindi zakutizakuti, koma mphindizo zinkathera pa kugawa mabuku ndi kuweruza mlandu wa pensulo. Pamwamba pa izo, ndondomeko yatsopanoyi inawonjezera ola pa tsiku la ana aang'ono, ndiye ngakhale mwayi woweruka msanga umene ndinkawasirira nawo anzanga ndinaupeza utachepa.

Mabuku anabwera okongola, ndipo anatilimbikitsa kuti ana azipita nawo kunyumba kukawerenga ndi makolo. Ankabwerako ndi zala za ndiwo. Lina linabwera lopanda tsamba la u, mwana n'kundiuza mosabisa kuti agogo anapichirira fodya.

Ndalama inalowa sukulu itatsegulidwa kale, masana, ine ndili m'kalasi, foni ili m'chitenje cha mwini wake kuchigayo. Madzulo ndinapeza nsima ya nyama, zimene sizichitika pakati pa mwezi m'nyumba ya mphunzitsi. Ndinadya mwakachetechete.

"Abambo, kodi ya malata ija ndi imeneyi?"

Ndinayamba kufotokoza za makwerero ndi masukulu masauzande. Anandidula.

"Musavutike. Ndaponya ku banki m'khonde, yotsala ndi imene mwadyayi."

Mnyamata wa kaunjika sanafune kumva za banki m'khonde. Anandipeza tsiku la msika, anthu ali pikitipikiti, n'kunena mwaulemu wake wonse kuti ngati ndalama palibe, katundu abwerere. Ndinafika kunyumba ndi patapata zobwereka kwa wogulitsa tomato, amene mwana wake anali m'kalasi mwanga. Wa golosale yekha ndiye anapirira mpaka malipiro.

A PEA anabwera pa njinga yamoto teremu yachiwiri kudzaona mmene ndikuphunzitsira. Ndinatuluka thukuta, ndinasokoneza ndondomeko, ndinachita ndekha gawo limene anafunika kuchita ana. Koma atatenga ana angapo mwachisawawa n'kuwalozera mawu, kamtsikana kena kovala diresi yong'ambika paphewa kanawerenga mutu, moto, amama, kosajejema. A PEA analemba lipoti labwino. Ndikanadziwa chimene lipotilo lidzandichite, bwenzi nditakauza kamtsikanako kuti kajombe.

Chaka chitatha ndinagogodanso ku ofesi, kukapempha kubwerera kumtunda. AHedi anatsegula kabati, natulutsa lipoti lija, naliyala patebulo.

"A Emu, anthu anawononga ndalama kukuphunzitsani, ndipo a PEA akuti mukuchita bwino. Ndikakuchotsani ndikawauza chiyani? Ndiponso inu munati maziko."

Anandiuza kuti kukubweranso maphunziro ena okumbutsana pa tchuthi, ku TDC komwe kuja, ndipo dzina langa analitumiza kale. Nditafika nayo nkhaniyi kunyumba, mayi a kunyumba sanadandaule ngakhale pang'ono. Anangofunsa tsiku lake, kenako anati nambala ija ndisasinthe, ingasokoneze anthu a ku ofesi.