Sola iyang'ane kumsewu

Ku Karonga dzuwa sitichita kulipempha. Ukafika Okutobala, ngakhale wakabaza amayamba wapeza mthunzi asanakambe mtengo. Ndiye munthu akagulitsa matumba ake a Kilombero n'kuwoloka Songwe kukagula sola ku Kyela, tonse timati bambo aja mutu ulipo. Mutuwo umasokonekera padenga.

Mmisiri sachulutsa gaga m'diwa. Boma lathuli lili madigiri pafupifupi 10 kummwera kwa equator, ndipo mu Juni ndi Julayi dzuwa limadzera chakumpoto. Choncho sola iyang'ane kumpoto, ipendekeke pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi.

"Bwana, ingoyang'ana komwe mwaigula," amatero ali pamakwerero.

Bwana amasuzumira kumpotoko. Kuli khola la mbuzi, bafa ndi chimbudzi.

"Ndiye aziiona ndani kumeneko, mbuzi? Tembenuzirani kumsewu, achimwene."

"Kumsewu kuli mtengo wa mango, bwana. Nthambi imodzi ikaphimba, moto umatsika."

"Mangowo anabzala ndi malemu bambo anga. Khomani."

Mmisiri amakhoma, poti wolipira sapikisana naye. Madzulo ake mayi a pakhomo amatulutsa mpando n'kukhala poti aliyense wodutsa pa M1 akawapatsa moni, maso akwere okha padenga. Mayi busa akabwera kudzazonda matenda, amayamba aonetsedwa batire, wodwala pambuyo.

Aneba nawo anagula yawo, yokulirapo, chifukwa ku Karonga munthu sagonja pamaso pa mnzake. Iwowa anaimbira mwana wawo wa ku London, amene anawauza motsimikiza kuti sola zonse zimayang'ana kummwera. Mwanayo sananame, kwawoko n'zoona. Kungoti anaiwala kuti makolo ake sakhala ku London. Mmisiri atayesa kufotokoza, anafunsidwa ngati anakwerapo ndege.

Mu Disembala zonse zimayenda, dzuwa likakhala chakummwera, ndipo aneba amayenda modzikweza. Akafika Juni, 8 koloko isanakwane nyumba zonse ziwiri zili mumdima, wailesi yakanema yazima filimu ili pakati. Mlandu umagwera Ataifa ogulitsa katundu wabodza, kenako ana otchajitsa mafoni a anzawo, kenako nsanje za anthu ena amene sitiwatchula mayina.

Loweruka bwana anaitananso mmisiri uja. Anamupatsa mpando, anamuthirira tiyi wamkaka.

"Mwaganiza zoitembenuza, bwana?"

"Ayi. Ndagula yachiwiri. Muiike pambali pa inzakeyo, koma mukwezeko pang'ono, a m'minibasi sakuiona bwino."