Chiwonkhetso cha Pulogalamu Yaulere

Anzanga eni makomo, inu amene mumasunga kope la ndalama ndi malisiti m'kabati, ndatsegula langa kuti muonemo. Ndine msungichuma wa abale a kwathu. Tilipo anthu zana limodzi ndi makumi awiri: ena kumudzi, ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ena ku Johannesburg, awiri ku Leeds. Mu Seputembala 2023 tinagwirizana zokhala ndi tsamba lathulathu pa intaneti, longa Facebook koma la ife tokha, lolengezerapo maliro, maukwati ndi misonkhano. Aliyense analonjeza zikwi zisanu. Anati nditulutse kaye zanga, adzandibwezera.

Mphwanga, mwana wa mlongo wanga, anaphunzira za makompyuta. Anati, "Malume, pulogalamuyo ndi yaulere." Sananame. WordPress inatuluka mu 2003, ndipo mpaka lero aliyense amaitenga osalipira. BuddyPress imaikidwa pamwamba pa WordPress kuti munthu akhale ndi dzina lake, anzake, magulu ndi mauthenga. Inatuluka mu 2009, nayonso ndi yaulere. Mzere woyamba m'kope ndinalemba: pulogalamu, palibe.

Mzere wachiwiri: dzina la tsamba, chaka chimodzi, zikwi makumi awiri. Mzere wachitatu: seva, ndiyo kompyuta ya eni ake imene tsamba limagonamo, lendi ya chaka, zikwi zana limodzi. Bandulo ya mphwanga, zikwi makumi awiri. Minibasi yake ndi nkhomaliro, zikwi khumi. Loweruka limodzi lokha tsamba linaima. Munthu ankatha kulembetsa, kuika chithunzi, kulemba uthenga ndi kulowa m'gulu. Chiwonkhetso: zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Pamenepa tinali nazo kale zonse zimene tinagwirizana. Mizere yotsalayi inayamba ndi mawu amodzimodzi: "Mungosinthako pang'ono."

Anayamba ndi achimwene a ku Blantyre. Anati tsamba likuoneka ngati fomu, likhale lobiriwira, pamwamba pakhale chithunzi cha phiri la kwathu. Maonekedwe a tsamba amabwera m'chinthu chotchedwa theme. Yaulere tinali nayo, koma sinkaika chithunzi pamene iwo anafuna. Yogula, zikwi makumi asanu ndi awiri. Mnyamata wojambula chizindikiro cha banja, zikwi makumi atatu. Chiwonkhetso: zikwi mazana awiri ndi makumi asanu.

Kenako azakhali anaimba foni ali kumudzi. "Mwanawe, ine ndidina pati? Zonsezi ndi Chingerezi." Pulogalamu ili ndi mawu zikwi zingapo: a pamabatani, a m'machenjezo, a m'makalata amene imatumiza yokha. Onsewo amamasuliridwa ndi munthu, mzere umodziumodzi. Mphunzitsi wina wopuma ntchito anakhalira ntchitoyi masabata atatu, zikwi makumi asanu. Mawu athu ndi aatali kuposa a Chingerezi, choncho pafoni yaing'ono ankasefukira m'mabatani. Mphwanga anakulitsa mabataniwo masiku awiri a Loweruka. Bandulo ina, zikwi makumi awiri. Yomuthokoza, zikwi makumi atatu. Chiwonkhetso: zikwi mazana atatu ndi makumi asanu. Pa zosintha zonse, iyi yokha sindidandaula nayo, chifukwa azakhali anawerenga okha uthenga wa maliro a mlamu wawo m'chinenero chawo.

Mu Novembala abale a ku Johannesburg anapempha kuti chipepeso chizitumizidwa patsamba pomwepo, chizifikira pafoni ya msungichuma. BuddyPress sanaipangire kulandira ndalama. Mphwanga ananena mosabisa: "Malume, izi zandikulira." Tinapeza katswiri wolemba mapulogalamu, zikwi mazana awiri ndi makumi asanu, theka poyamba, theka pomaliza. Kampani yodutsitsa ndalama inafuna mapepala a bungwe ndi akaunti ya kubanki. Makalata, zithunzi, zidindo ndi maulendo anayi a m'tauni, zikwi makumi asanu. Chiwonkhetso: zikwi mazana asanu ndi limodzi ndi makumi asanu. Chaka chonse, chipepeso chimene chinadutsa njira imeneyi chinali zikwi mazana awiri. Njirayo tinailambula ndi zikwi mazana atatu.

Mwezi womwewo Reserve Bank of Malawi inatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti. Dola imene inali pafupifupi K1,180 inafika pa K1,700. Seva timalipira m'madola. Mu Disembala kunali ukwati wa msuweni wanga. Anthu asanu anaika zithunzi, mmodzi anaika vidiyo ya ukwati wonse, kuyambira kutchalitchi mpaka perekaniperekani. Malo athu pa seva anadzaza, tsamba linayamba kutseguka mokwawa. Malo okulirapo, zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Mu Okutobala malo omwewo akanatidyera zikwi zana limodzi ndi pang'ono. Chiwonkhetso: zikwi mazana asanu ndi atatu.

Apa mvetserani bwino, anzanga, chifukwa mzere uwu palibe amene anandiuza pasadakhale. Pulogalamu siikhala momwe munaiikira. WordPress imatulutsa mtundu watsopano kawiri kapena katatu pachaka, kuphatikizapo zokonza zing'onozing'ono zotseka mipata ya akuba. Opanga theme ndi opanga ma plugin, zowonjezera zonga BuddyPress, nawo amatulutsa zawo kuti ayendere limodzi. Mukakana zatsopanozi, mwagona chitseko chosakhoma. Mukavomera, mafayilo atsopano amalowa m'malo mwa akale. Mphwanga anasintha mitundu ndi mabatani m'kati mwa mafayilo a theme yeniyeniyo, m'malo moziika padera m'chimene amati child theme. Mu Marichi tinadina batani lolandira zatsopano. Mtundu wobiriwira unapita. Phiri linapita. Mawu a Chichewa anasefukiranso. Njira ya chipepeso inaleka kuyankha. Katswiri uja anabwerera, zikwi zana limodzi.

Sabata yomweyo ndinapeza mayina mazana atatu atalembetsa patsamba, onse achilendo, onse otsatsa mankhwala ndi juga. Amalembetsa ndi makina amene amayendayenda pa intaneti kufunafuna khomo lotseguka. Abale tilipo zana limodzi ndi makumi awiri, alendo mazana atatu. Ndinafufuta dzina limodzilimodzi madzulo asanu ndi limodzi. Chotchingira mayina abodza, pamodzi ndi malo ena osungirako kope la tsamba lonse kuopa kuti lingadzatayike, zikwi makumi asanu. Chiwonkhetso: zikwi mazana asanu ndi anayi ndi makumi asanu. M'mphepete mwa kope ndinalemba ndi cholembera chofiira: chosintha chilichonse chimalipiridwa kawiri, tsiku lochipanga ndi tsiku lochikonza.

Achinyamata anati tsamba ndi lachikale, pakhale app. Ndinafufuza. Google imalipiritsa $25 kamodzi kuti munthu aziika ma app m'sitolo yake. Apple imalipiritsa $99 chaka chilichonse. Wopanga app anatchula mamiliyoni awiri. Ndinakana. Minibasi yokamvera mtengowo, zikwi khumi. Mayunitsi a chaka chonse oimbira abale oiwala pasiwedi, zikwi makumi anayi. Chiwonkhetso: miliyoni imodzi.

Tsopano mbali ina ya kope. Oitanidwa, zana limodzi ndi makumi awiri. Olembetsa, makumi anayi. Obweranso kachiwiri, makumi awiri. Olembapo kanthu, khumi. Miliyoni imodzi kugawa kwa anthu khumi, zikwi zana limodzi munthu mmodzi. Mauthenga onse a chaka, mazana awiri. Uthenga umodzi, zikwi zisanu. Makumi atatu mwa mauthengawo anali akuti "zikomo".

Malonjezo anali zikwi zisanu munthu aliyense, zonse pamodzi zikwi mazana asanu ndi limodzi. Anakwaniritsa anthu makumi atatu, zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Zotsala pamutu panga, zikwi mazana asanu ndi atatu ndi makumi asanu. Thumba la chimanga ndinagula pa zikwi makumi asanu chaka chimenecho. Ndiye kuti matumba khumi ndi asanu ndi awiri. Pakhomo panga thumba limatha mwezi. Ndiye kuti nsima ya chaka chimodzi ndi miyezi isanu. Mayi a kunyumba anawonkhetsa paokha, anapeza nambala yomweyo.

Abale amene sanabwere sindiwaimba mlandu. Zikwama zawo ndi zonga changa. Makampani a mafoni amagulitsa bandulo yotchipa ya WhatsApp yokha kapena Facebook yokha, ndipo ndiyo imene ambiri a kwathu amagula. Bandulo imeneyo siitsegula tsamba lathu. Kuti azakhali alowe patsamba la banja, ankafunika bandulo yotsegula intaneti yonse, yokwera mtengo. Gulu limodzi la WhatsApp limalandira anthu 1,024. Ife tikanakwanamo kasanu ndi katatu, malo n'kutsala. Uthenga wa maliro unkafika pa WhatsApp m'mawa, ine n'kudzaukopera patsamba madzulo.

Mphwanganso sindimuimba mlandu. Tinamupempha Facebook. Facebook inayamba mu 2004, ndipo kampani yake, Meta, ili ndi antchito oposa 60,000 ndi nyumba zikuluzikulu zodzaza ndi makompyuta. Ife tinali ndi mnyamata mmodzi, laputopu imodzi ndi masiku a Loweruka. Pulogalamu yaulere imachita bwino zimene anaipangira. Kusintha dzina, chithunzi ndi mtundu kumatheka ndi ndalama zochepa. Kuiphunzitsa ntchito imene sanaipangire ndi kulemba munthu ntchito, ndipo munthuyo mudzamufunanso chaka chamawa. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Mtolo wanga unali ndi mapempho asanu, lililonse lotchedwa pang'ono.

Mu Seputembala 2024 mabilu a chaka chachiwiri anafika. Dzina la tsamba, zikwi makumi atatu. Seva yaikulu, zikwi mazana awiri ndi makumi asanu. Chotchingira ndi chosungira, zikwi makumi asanu. Katswiri woyang'anira njira ya chipepeso, zikwi makumi asanu ndi awiri. Chiwonkhetso: zikwi mazana anayi, popanda chatsopano ngakhale chimodzi. Ndinaitanitsa msonkhano, ndinawerenga kope lonse mokweza kuyambira mzere woyamba.

Tinachotsa njira ya chipepeso. Ndalama zimabwera pafoni monga kale. Tinaletsa mavidiyo. Tinabwerera ku theme yaulere. Tinatseka khomo lolembetsera, tsopano m'bale watsopano ndimamulembetsa ndine. Chichewa tinachisiya momwemo. Patsamba patsala zinthu zitatu zimene zimasochera m'kati mwa macheza a pa WhatsApp: mndandanda wa abale ndi mibadwo yawo, zolengeza za maliro ndi maukwati, ndi mfundo za misonkhano. Dzina, zikwi makumi atatu. Seva yaing'ono, zikwi zana limodzi ndi makumi asanu. Bandulo ya mphwanga, amene amasunganso kope la tsamba pa laputopu yake, zikwi makumi awiri. Chiwonkhetso: zikwi mazana awiri pachaka. Kugawa kwa olembetsa makumi anayi, zikwi zisanu munthu mmodzi. Ndinatolera zonse ndisanalipire kalikonse.

Tsono inu amene mpingo, mudzi, banki m'khonde kapena abale akupatsani ntchito yonga iyi, chitani izi. Lembani papepala zinthu zitatu zimene tsambalo liyenera kuchita, onse asaine. Liyeseni miyezi itatu momwe labwerera, osasintha kanthu, muwerenge amene akulowa. Funsani abale anu bandulo imene amagula. Aliyense wopempha chosintha mumufunse mitengo iwiri, wochipangira ndi wochikonzera, ndipo abwere ndi ndalama yake m'manja. Chilichonse cholipiridwa m'madola muchiwerengere mokweza. Wonkhetsani chaka chachiwiri musanalipire choyamba. Chiwonkhetso chikaposa matumba amene nkhokwe yanu ingataye, tsekani kope, ana adye.