Ulemerero wa Msonkho wa Nyumba ku Canongola

Msonkho wa nyumba, umene makalata a boma la Mozambique amautchula kuti IPRA, ndiye mlendo wokhulupirika kuposa onse ku Canongola, mumzinda wa Tete. Abale amaiwala njira, mvula imachedwa, koma iwo sudumpha chaka. Mphamvu zake umazitenga ku Lamulo nambala 1/2008 la pa 16 Januwale, ndipo wotolera ndi khonsolo ya mzinda.

Nyumba yogonamo imalipira 0.4 peresenti ya mtengo wake pachaka, yochitiramo malonda 0.7 peresenti. Motero ya mametikasi 1,000,000 imapereka 4,000, ndipo ikasanduka golosale ulemu wake umakwera kufika pa 7,000. Amalipira kawiri, mu Januwale ndi mu Juni. Januwaleyo ndi mwezi woyenera ndithu: Khirisimasi ndi makope a ana zimakhala zitasesa kale m'thumba, choncho zotsalazo sizivuta kuwerenga. Nyumba yatsopano imene mwini wake akukhalamo imapumitsidwa zaka 5, chifundo chonga cha woweta mbuzi amene sapha yowonda.

Kukoma kwenikweni kuli pa kuunikanso mtengo. Ndondomeko ya mu 2010 imati awerengere kukula kwa nyumba, mtengo womangira sikweya mita iliyonse, zaka zimene nyumbayo yatha ndi dera limene ili. Bwalo nalo limayezedwa, ngakhale kuti nthaka yonse ndi ya boma ndipo munthu amangogwira chikalata cha DUAT chomulola kuigwiritsa ntchito. Wogula nyumba amainyoza kuti atsitse mtengo, walendi amadandaula za denga lodontha. Woyeza wa khonsolo yekha ndiye amaona chuma pamene mwini wake akuona ming'alu. Malasha a ku Moatize atayamba kutumizidwa kunja mu 2011, nyumba za ku Tete zinakwera mtengo popanda kuwonjezera njerwa ndi imodzi yomwe. Chuma chotere sichigula ufa kapena nsomba ya chikowa kumsika, komanso mbala singachibe, pakuti chimakhala m'kaundula mokha.

Wosakhutira ali ndi ufulu wokadandaula kukhonsolo. Kumeneko msonkhowu umaphunzitsa kudzichepetsa kumene alaliki akhala akukulephera. Bambo amene pamowa amati nyumba yake ilibe inzake m'Canongola monse amaima pamzere dzuwa la ku Tete likuswa mtengo, chipewa chili m'manja, n'kulumbira kuti chiswe chinadya mitengo ya denga, khoma lapendekeka, ndipo chimene woyeza analemba kuti ndi chipinda ndi khola la nkhuku chabe.